Mmene Ndinakanira Upulezidenti wa ku Dibi

Anzanga, ine upulezidenti unafika pakhomo panga penipeni, ine n'kuuthamangitsa ndekha ndi pakamwa pangapa. Zinali zaka za nkhondo yaikulu ya azungu ija, Chipata ikadali Fort Jameson, ndipo ife oweta ng'ombe ku Kasenengwa tinali ndi kabungwe kathu koyang'anira dibi losambitsirako ng'ombe. Chaka ndi chaka tinkasankha pulezidenti, munthu wokhala pampando wotsamira, wolankhula ndi mzungu wa ziweto, wolandira chiwindi ng'ombe ikaphedwa. Mpandowo ndinkaufuna mpaka kumaulota.

Tsono ndinadziyesa wochenjera. Ndinakumbukira zisankho zonse chiyambire bungwelo, n'kuona kuti anthu akwathu sasankha wang'ombe zambiri kapena wodziwa Chingelezi, amasankha wokana. Akakutchula umazyolika, umati ndine mwana sindingathe, iwo n'kukukakamiza, iwe n'kuvomera ngati wagwidwa pamsampha. Onse amene anaonetsa dyera anagwa chagada. Ndiye ndinati basi, ine ndikakana kuposa onse amene anakanapo chilengedwere dibi.

Ndinanong'oneza mlamu wanga kuti akanditchule. Akazi anga, amake Tisa, ndinawauza kuti afulule mowa, aphe mbuzi, ndipo akangomva m'manja ku dibi abwere ndi amayi anzawo, nthungululu zili pakamwa.

Tsikulo mlamu ananditchuladi, madoda onse n'kugwedeza mitu movomera. Ndinakana, anandikakamiza. Ndinakananso, anandikakamizanso, wina mpaka kundigwira dzanja kundikokera kumpando. Apa ndiye panali povomera, ngakhale mwana akanadziwa. Koma kodi munayamba mwapembedzedwapo ndi mudzi wonse inu? Kumakoma! Ndinagwada m'fumbi, ndinadzigunda pachifuwa, misozi n'kubwera yeniyeni, kaya inachokera kuti. Kenaka ndinaona a Jere, nkhalamba yatimathole tiwiri, akusinza atatsamira mtengo, ndipo ndinati ndithire ndiwo mchere.

“Abale anga, ndichitireni chifundo. Ngakhale a Jere awa angathe kuposa ine.”

Mkulu woyendetsa msonkhano anandiyang'ana mwachisoni, nati, “Munthu walira chonchi, kumukakamiza n'kuchimwa. Adzutseni a Jere.”

Ndinadzilimbitsa mtima kuti nawonso akana monga mwa mwambo, mpando ubwerera kwa ine. A Jere anayasamula, anafunsa ngati chiwindi chikadalipo pa udindowo, atamva kuti chilipo anangopita kukakhala. Mwambo wa zaka zonse zija unathera pomwepo, anthu n'kuomba m'manja mwamphamvu.

M'manjamo ndimo amake Tisa ankadikira. Posakhalitsa ndinaona chigulu cha amayi chikutsika kumtunda, akuvina, akuimba dzina langa la Phiri, akazi anga patsogolo. Anandipeza ndikadagwada, nkhope ili mbuu, ndipo anayala chitenje kuti pulezidenti apondepo. A Jere, munthu waulemu, ananyamuka n'kupondapo, nathokoza. Mowa anakamwera kwanga, mbuzi anadyera kwanga, chiwindi ndinawapatsa ndi manja anga awiri, manyazi akundiotcha mpaka kumakutu.

Chiyambire pamenepo, chaka chilichonse mlamu akayesa kunditchula, madoda amamuletsa mokoma mtima: “Asiyeni a Phiri, musawalizenso.”

Ndiye ndinalumbira, anzanga. Masiku ano munthu akangoyamba kuti “Kodi mungakonde…” ine ndavomera kale, za chimene akundipatsacho ndimafunsa pambuyo.