Ufa pa Injini ya Mkamwini

Sindine munthu wopupuluma. Ku mpingo kwathu ku Lirangwe amadziwa kuti nkhani ndimaimva kawiri ndisanatsegule pakamwa. Koma pa za galimoto ya mkamwini wanga, mantha anandithamangitsa ngati mbuzi yoona fisi.

Mkamwini wangayo, a Limbani, amagwira ntchito ku Joni. Chaka chatha anabwera ndi kagalimoto kofiira ka zitseko ziwiri, kaliwiro, kotsika kwambiri moti nkhuku imachita kuwerama kuti ilowe kunsi kwake. Pobwerera anakwera ndege pa Chileka, galimotoyo nkuisiya pakhomo panga, m'chisakasa chimene ndinaimangira.

"Bambo, muzingoiliza Loweruka lililonse kuti batire isafe," anatero. "Koma isasunthe. Zipangizo zake kuno kulibe."

Miyezi iwiri ndinasunga mawuwo. Ndiye Loweruka lina (chimwalirireni mayi a kunyumba, masana amatalika) ndinakumbukira kuti paunyamata ndinayendetsako thirakitala. Ndinati ndingofika pa mtengo wa mango nkubwerera. Nditaponda pang'ono, chinthucho chinabangula, nkukakwera mzere wa mbatata, kunsi kwake nkumveka khuu! Ndinaibweza m'chisakasa, ndipo ndinasesa bwalo lonse kuti matayala asandinenere.

Lolemba masana ndinaona madontho akuda pansi, chakumbuyo kwa galimoto. Ndinagwira, ndinanunkhiza. Oyilo. Ndinayala katoni kuti ndione bwino. Lachiwiri panali madontho asanu. Lachitatu banga linali ngati chikhatho changa. Chakudya chinasiya kulowa. Ndinkangoganiza za mwana wanga Tadala: adzamuyang'ana bwanji mwamuna wake, bambo ake, mkulu wa mpingo, ataphwanya chinthu chosungitsidwa nkubisa?

Lachinayi ndinalimba mtima kuti ndione pamene pakudontha. Nditasakasaka, ndinatsegula boneti ya kutsogolo. Munalibe injini. Munali kansanza ndi kabokosi ka masipanala basi.

Ndinaganiza kuti mwina injiniyo inagwa tsiku lija, ndipo (mundikhululukire) ndinapitadi kukayang'ana m'mbatata. Nditaisowa, ndinalowa m'galimoto nkupotokola kiyi. Inalira bwinobwino! Ine za matsenga sindizisamala, koma galimoto yolira yopanda injini inandigwaditsa pomwepo. Nditamaliza pemphero ndinatenga foni.

"A Limbani, ndakulakwirani. Ndinayendetsa galimoto yanu, ndinaigunditsa, ndinasesa bwalo kuti musadziwe. Tsopano ikutaya oyilo, ndipo injini sindikuiona."

A Limbani anayankha mwachidule:

"Musagwirenso kanthu, bambo. Ndikutumizirani makaniko wa pa Chileka."

Makanikoyo, a Jailosi, anafika m'mawa mwake pa njinga yamoto. Atamva dandaulo langa anapita kumbuyo kwa galimoto nkukweza chivundikiro chokhala ndi mipata yopitira mphepo.

"Nayi injini yanu yosowayo, madala. Izi mtima wake uli kumbuyo ngati mbola ya njuchi."

Anasolola kachitsulo koyezera oyilo: wodzaza. Anagona chagada nkusuzumira kunsi: kokalika pang'ono chabe. Komabe pamwamba pa injini panali pothimbirira. Anaitsuka ndi parafini, nkuipukuta mpaka kuuma.

"Muli ndi ufa woyera m'nyumbamo?"

Ndinayesa njala yawapweteka, ndipo ndinayamba kupepesa kuti ndiwo palibe.

"Si wa ine, madala, ndi wa galimoto. Timawaza paliponse, kenako nkuiliza. Pamene ufa uyambe kuda, ndi pomwe pabooka. Ufa sunama."

Anawaza, anailiza, tinadikira. Linali dzuwa la mu Okutobala, malata a chisakasa akuthetheka. Ine ndinkangodikira kuti tchimo langa lionekere poyera. Ufa unangokhala mbee. Theka la ola linatha. Kenako dontho lakuda linadutsa pafupi ndi mphuno yanga nkugwera pa ufa paja, kuchokera m'mwamba.

Tonse tinakweza maso. Pomanga chisakasa chija, mitengo ya denga ndinaipaka oyilo wakutha wa ku chigayo kuti chiswe chisadye, monga timachitira ndi nkhokwe. Poti inali ya galimoto ya mkamwini, ndinapaka mosaumira, mpaka kuthira m'ming'alu. Dzuwa litakula, oyiloyo anasungunuka, namadonthera m'mipata ya chivundikiro, kutsika ndi injini mpaka pa katoni yanga.

A Jailosi anakhala pansi ndi kuseka.

"Madala, galimoto ilibe mlandu. Likudontha ndi denga lanu! Nanga denga ndilimange gasiketi yotseka podontha?"

Madzulo ndinawauza a Limbani. Nawonso anaseka mpaka kutsokomola, koma pomaliza anati, "Zikomo bambo. Makiyi muwapatse a Jailosi, azibwera okha kudzailiza. Za mbatata zija tidzacheza pa Khirisimasi."

Kuulula tchimo nkwabwino, ndipo ndimaphunzitsabe choncho. Koma zaka zonsezi ndakhala ndikuuza anzanga kuti mavuto akabwera aziyamba ayang'ana kumwamba. Ine ndinatha masiku anayi ndikuyang'ana katoni.