M'munda wa Tiyi Miyendo Sioneka

Lolemba
Dziko lonse lidziwe: ine, mlonda wa geti ya kumunsi, amene ndinathamangitsa mbava ya nkhuni mpaka ku Goliati, ndayambanso kuthamanga. Si kufuna kwanga. A kapitawo alengeza kuti Loweruka alonda tonse tipikisana, kuchokera pa shedi yoyezera tiyi mpaka pa fakitale. Wotsiriza avula yunifomu. Yunifomu ikapita, nyumba ya kampani ipitanso. Mayi a kunyumba sindikuwauza.

Chuma changa: bondo lamanzere (dzenje, chaka chatha), kakolo (njinga ya alamu), msana (wangotsatira anzake).

Lachiwiri
Nzeru! Tiyi amandilekeza m'chiuno. Ndikalowa m'mizere, anthu akuona kumtunda kokha. Manja ndikupalasa ngati wa zaka makumi awiri, pansi miyendo ikungodzikoka. Amayi othyola tiyi asiya ntchito. "Madala ayamba kuuluka." Ine ndani kuti ndiwatsutse?

Lachitatu
Mbiri yafika kwa a kapitawo. "Madala, munatipusitsa, ife timati munatha." Ndaseka nawo. Bondo latupa ngati peyala. Ndalimanga ndi chubu cha njinga, pamwamba buluku. Mayi akuti ndikutsimphiniranji. Ndati ndi nsapato.

Lachinayi
Ndayesa pamsewu, popanda tiyi wondibisa. Ndisanafike pa mtengo wachitatu wa bulugamu, njoka, mbobo yaitali ngati paipi, yadutsa patsogolo. Ndakhala pansi. Aliyense akanakhala.

Lachisanu
Ndafunsa a kapitawo mwaulemu ngati mpikisano ungadzere m'munda. "Pamsewu, madala. Bwana akufuna aone miyendo."

Mayi akudzala tanaposi kuseri kwa nyumba. Akuti tidzadya mwezi wamawa. Ndayang'ana kumbali.

Loweruka
Tilipo asanu ndi anayi. Ndikuyendera mabondo a anzanga ndi maso, onse ndi abwino. Koma a Namakhwa a geti ya kumtunda ali ndi chifuwa. Moyo wanga wonse uli pa chifuwa cha a Namakhwa.

Wenzulo yalira. Pa mlatho ndawapitirira. Pa chitunda bondo lati khotyo. A Namakhwa akundidutsa uku akutsokomola. "Pepani, achimwene, nanenso ana." Amayi othyola tiyi aima m'mbali mwa msewu, miyendo yanga akuiona koyamba. Bola akanaseka.

Lamulungu
Yunifomu ndachapa ndekha, ndibweza mawa. Mayi ndawauza. Sanakalipe.

"Ndinadziwa Lachitatu, bambo. Chubu chija ndi cha njinga yanga."

Ndafunsa za tanaposi.

"Ndinadzala m'matumba. Mukanayang'ana mukanaona. Tinyamula popita kwathu kwa Changata."

Akuti kumeneko kuli msewu wosalala, bondo likaphwa ndizikathamanga m'mawa. Ndati tiona. Tiyi wobisalamo kulibe.

Chinthu chimodzi ndikonze buku lisanatsekedwe. Njoka ya Lachinayi kunalibe. Ndinangokhala pansi, n'kumayang'ana denga la nyumba yathu.