Mmene Ndinasamalira Nsomba za Dona

Ana anga amauza alendo kuti bambo sadya nsomba yaiwisi chifukwa imawapweteka m'mimba. Ine ndimangovomera ndi mutu. Koma m'mimba mulibe mlandu, abale. Ndi manyazi amene ndinameza ndili mnyamata, ndipo mpaka lero sanagayike.

Zinachitika nkhondo ya Ajeremani isanabuke, ndili mphunzitsi wothandizira pa mishoni ina kumapiri a ku Dowa kuno. Masiku amenewo ndinali ndi jekete yakuda imene ndinagula kwa wamtengatenga wina (mikono yake inkathera pakati pa chigongono ndi dzanja, koma jekete ndi jekete), ndipo mtima wanga unali utagwera mtsikana wina dzina lake Marita. Marita ankakhala kunyumba ya atsikana, kumene mkazi wa mbusa wachizungu, amene tonse tinkangowatchula kuti Dona, ankawaphunzitsa kusoka, kuchapa ndi kuwerenga. Mnyamata wofuna mtsikana wa m'nyumba imeneyo ankayenera kuyamba wakondweretsa Dona. Iwo akavomera, nkhani inkapita kwa atsibweni a mtsikanayo. Akapukusa mutu, basi, kafune kwina. Mawu anga ndinali nditapereka kale, ndipo Dona anali atangoyankha kuti, "Tiona khalidwe lanu."

Pabalaza pa Dona panali bokosi lagalasi lodzaza madzi. Pansi pake panali mchenga ndi timiyala, udzu wa m'madzi utamera, nkhono zikukwawa m'mbali, ndipo pakati pa zonsezi pankasambira nsomba zing'onozing'ono za mizere yachikasu ndi yabuluu, zimene amtengatenga anabwera nazo m'debe kuchokera kunyanja. Ife a kumapiri nsomba ya kunyanja tinkaidziwa itauma kale, itapindika, mchere uli mbuu. Zoti munthu n'kusunga nsomba kuti azingoiyang'ana tinkati ndi za azungu basi.

Tsiku lina ndikubweza masileti olembapo ana a sukulu, ndinapeza Dona akukonzekera ulendo wokayendera masukulu a kumidzi ya ku Ntchisi. Anali akuuza a Yosefe, amene ankawaphikira, za kasamalidwe ka nsomba zija. Ndinaona kuti mwayi wanga ndi umenewu.

"Dona, a Yosefe ntchito yawachulukira. Nsombazi ndisamala ndine."

"Mukudziwa kasungidwe kake, aphunzitsi?"

"Kwambiri, Dona." (Chibadwire ndinali ndisanagwirepo nsomba yamoyo.)

"Chabwino. Chakudya chake chili m'kachitinimu. Muzitsina ndi zala ziwiri, kamodzi patsiku. Madzi musawakhudze."

A Yosefe anandipatsa kachitini kaja ndi manja awiri, nkhope ili ngwee ngati munthu amene watula mtolo.

Tsiku loyamba ndinavala jekete, ndinalowa pabalaza, n'kutsina monga anandiuzira. Nsomba zinatha chakudyacho ndisanaphethire n'komwe, kenako zinabwera pagalasi n'kumandiyang'ana, kukamwa kuli yasa, tseke, yasa, tseke. Mtima unandiwawa. Kwathu mlendo sapatsidwa chakudya chotsina. Amadya mpaka asiye yekha mkute m'mbale, ndipo m'pamene mwininyumba amadziwa kuti wakhuta. Nanga izi si alendo enieni, ochokera kutali, opanda mbale aliyense kumapiri kuno? Ndinati mumtima, azungu kuumira kwawo n'komweku, ngakhale shuga amachita kuyeza ndi kasupuni. Ndinakhuthuliramo kachitini konse. Mawa lake ndinabweretsa gaga. Tsiku linalo mkute wonyenyanyenya. Mvula yoyamba itagwa ndinawonjezera ngumbi zodzaza dzanja, poti ndiwo nazo n'zofunika. (Musaseke. Zonsezi ndinkachita ndikuimba nyimbo ya m'buku.)

Madzi anayamba kuyera ngati matsukwa, ndipo fungo lake linali lomwelo. M'mawa wina ndinapeza nsomba imodzi itayandama chagada, mimba ili mbee. Ndinaigwedeza ndi chala, ndikuti mwina n'kukhuta. Inali itapita.

"Aphunzitsi, alendo anu ayamba kutsazika?" anafunsa a Yosefe ali pakhomo la khichini.

Ndinaivuula nsombayo. Ndinakaikwirira patsinde pa nthochi, n'kukhala pansi kuganiza ngati munthu wa sukulu. Chapha nsomba ndi uve, ndinatero, ndipo za ukhondo ndinkazidziwa, poti ndinkamvera pawindo Dona akamaphunzitsa atsikana. (Sindinkapitako chifukwa cha maphunziro, koma zina zinkalowa ndithu.) Mawu aja akuti madzi musawakhudze ndinawakumbukira bwino, koma ndinati Dona ankanena za madzi abwino, osati matsukwa.

Ndinawola nsomba zonse n'kuziika m'beseni. Udzu uja ndinauzula wonse, pakuti mwana wa mlimi saona udzu n'kuusiya. Nkhono ndinaponyera nkhuku. Galasi ndinalikwecha ndi phulusa, kenako sopo wochapira, mpaka linawala ngati la m'sitolo. Mchenga ndinataya, timiyala ndinatsuka ndi sopo yemweyo. Madzi atsopano ndinachita kuwiritsa mumphika waukulu, poti Dona ankati madzi abwino ndi owiritsa, ndipo ndinadikira kuti azizire ndisanabwezeremo alendo anga. Ndinaima patali, manja m'chiuno, kusirira ntchito yanga. Nsomba zonse zinakwera pamwamba, milomo ili kunja kwa madzi, zikuyasamula mofulumira. Ine ndinati zikuthokoza.

Kutacha ndinapeza zatsala ziwiri.

Apa mantha anandigwira enieni. Sindinkaonanso nsomba, ndinkaona Dona akupukusa mutu ndi Marita akukwatiwa ndi kalipentala wa pamishoni, amene naye ankamuponyera maso. Ndinathamangira kukhichini.

"A Yosefe, ndathedwa nzeru. Ndichite chiyani?"

"Aaa, aphunzitsi, nsomba ndi nsomba. Dona aziwerenga ngati mbuzi? Kumtsinje kuli matemba mbwee. Pitani ndi katupe."

"Koma zija n'zamizere."

"Mudzawauze kuti mizere inasuluka ndi mvula."

Ine mphunzitsi, wophunzitsa ana kuti bodza ndi tchimo, nzeru imeneyi ndinailandira ngati madzi akumwa. Masana omwewo ndinatsikira kumtsinje, ndinakoleka jekete pamtengo, n'kuyamba kusinja katupe pamwala. Katupe ndi mankhwala aja amene amayi amathira padziwe kuti nsomba ziledzere n'kuyandama. Amayi amene ankachapa kumtunda anasiya zochapa n'kumandionerera, wina n'kufuula kuti, "Aphunzitsi, ndiwo zavuta kodi? Kwatirani!" Matemba atayamba kuyandama ndinawatunga ndi debe, madzi ake omwewo, n'kuthamanga nawo chitunda chonse. Nditafika ndinakhuthulira zonse m'bokosi muja, matemba ndi madzi a katupe omwe.

Dzuwa lisanalowe, ziwiri zamizere zija zinali zitagona chagada pamodzi ndi matemba. Koma sindinataye mtima. Ndinati woledzera amadzuka m'mawa, tizisiye zigone.

Sizinadzuke. M'mawa kunacha kotentha, ndipo pofika masana pabalaza pa Dona sipankalowedwa. Ndili chiimire pamenepo, ndinamva nyimbo ya anthu a machila ikukwera phiri. Dona anali atabwera msanga.

Munthu wanzeru akanatuluka kukawachingamira n'kuulula. Ine ndinapisa manja m'madzi, ndinawola mitembo yonse n'kuilonga m'matumba a jekete, kumanja ndi kumanzere. Bokosi ndinaliphimba ndi nsalu ya patebulo, ndinatsegula mawindo, n'kutuluka pakhonde ndikumwetulira.

Dona sanabwere okha. Pambuyo pa machila pankayenda bambo wina wamtali, wa ndodo m'manja ndi nsalu yakuda paphewa.

"Aphunzitsi, awa ndi a Mbewe, atsibweni a Marita. Tinadzera kumudzi kwawo cha ku Kasakula, ndiye ndinati abwere adzakuoneni okha. Khalani pansi."

Tinakhala pakhonde pomwepo, Dona pampando, a Mbewe ndi ine pamphasa. Marita anaitanidwa, anagwada chapatali, maso pansi. Ndinapereka moni ndikuwomba m'manja pang'onopang'ono, zigongono nditapanikiza nazo matumba.

"Mnyamata uyu ndi wodzipereka," anayamba Dona. "Palibe anamutuma, anapempha yekha kusamala nsomba zanga. Wokhulupirika pa chaching'ono amakhulupirikanso pa chachikulu."

Pamene ankanena zimenezi, madzi anali akudontha kuchokera m'thumba lakumanja, dontho, dontho, pamphasa. Ntchentche zinayamba kufika, poyamba imodzi, kenako ndi abale ake. A Mbewe anakweza mphuno, anayang'ana kumwamba, anayang'ana pansi pa mapazi awo, kenako anayang'ana ine. Ndinayang'ana kuphiri.

Amene anamaliza mlandu ndi mphaka wa Dona. Anabwera mchira uli m'mwamba, anadzikhuza pabondo langa, ndipo Dona anati, "Taonani, ngakhale mphaka amamukonda." Ndinamukankha ndi chigongono, ndiye thumba linatseguka. Mphaka analowetsa mutu wonse, n'kutuluka ndi nsomba ya mizere yachikasu kukamwa, n'kukakhala nayo pakati pa bwalo.

Maso onse anatembenukira kwa ine.

"Ophunzitsi," anatero a Mbewe mwakachetechete, "kodi mumaba ndiwo za azungu?"

Kuti ndisakhale mbala, ndinayenera kuvomera kuti ndine chitsiru. Ndinatulutsa mitembo imodziimodzi n'kuindanda pamphasa, ndikufotokoza zonse, kuyambira gaga mpaka katupe. Nditafika pa madzi owiritsa, mapewa a Marita anayamba kugwedezeka. Ndinaganiza kuti akulira, ndipo ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Dona sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Analowa m'nyumba, tinamva nsalu ikuchotsedwa, ndipo anakhalitsa m'menemo. Potuluka maso anali ofiira. Anandiuza motsitsa mawu kuti udzu ndi nkhono zija ndi zimene zinkasunga madziwo, kuti madzi owiritsa alibe mpweya, ndiponso kuti sopo kwa nsomba ndi chiphe. Kenako anati, "Nsomba zija anasankha ndi ana anga asanapite kwathu kusukulu. Ndikaziyang'ana ndinkaona ngati ali pafupi." Apo ndiye manyazi anandifika m'mafupa. Ine ndinkangoona makwerero okafikira kwa Marita, osadziwa kuti ndikuponda pamtima pa mayi.

A Mbewe anatola ndodo yawo, anaimirira, n'kuyang'ana matemba aja nthawi yaitali.

"Dona, ine ndamuona. Munthu walephera kusunga nsomba m'madzi momwe ndi kwawo. Mwana wa mlongo wangayu adzamusunga bwanji pamtunda?"

Ukwati sanaukane, koma sanauvomerenso. Anagamula kuti ndikalime m'munda mwawo dzinja lonse, aone ngati ndimasiyanitsa chimanga ndi udzu. Dona nawo anati nsomba zina ndikatenge ndekha kunyanja. Ndinatsika mapiri wapansi ndi debe, n'kukwera nalo pamutu, madzi akundikhavukira m'khosi, anthu m'midzi yonse ya m'njira akufunsana kuti mwamuna wanji wotunga madzi kunyanja pamene kwawo kuli mitsinje. Ana a sukulu anandipatsa dzina lakuti a Katupe, ndipo alipo okalamba anzanga amene amandiitanabe choncho pamaliro.

Chimanga chitakololedwa, a Mbewe anafunsa Marita ngati akundifunabe, ndipo iye anavomera. Tinakwatirana. Koma funso linkandidya mumtima, ndipo patapita zaka, tsiku lina tikutong'ola chimanga pakhonde, ndinalimba mtima.

"Amake mwana, tsiku lija munkalira chifukwa cha manyazi anga. Nanga bwanji munandilolabe, kalipentala alipo?"

Anasiya chitsononkho n'kundiyang'ana.

"Ndani ankalira? Ine ndinkaseka. Koma ndinaona kuti inu mukakonda chinthu mumachidyetsa mpaka chife. Ndiye ndinati, imfa ilipo kwa aliyense, bola ine ndidzafe nditakhuta."

Ndinangodzuka kukamutengera nthochi zoti adye.