Dzino Langa la Likhweru

Lolemba
…ndiye amayi a pa ofesi ya zamalamulo aja akuti, "Bambo, tayasamulani." Ndikuyasamula. Iwo dzanja pakamwa! Ndikuwauza kuti woitanira minibasi pa Namitete ndine, likhweru langa limadzutsa atambala a ku Nsaru. Koma dokotala wa pakakiliniki kaja wazula dzino lakutsogolo labwinobwino, lobooka walisiya. Chizulireni, ndikati ndilize likhweru pamangotuluka mphepo ndi malovu. Akuti chipukuta misozi n'chotheka, koma ndibweretse:
kabuku ka kuchipatala
mboni
dzino lenilenilo, madokotala ena aone kuti linalibe vuto
Basi zomwezi? Ndigula minibasi yangayanga, Namitete yense aziitanira ine!

Lachiwiri
Kabuku ndakapeza. Tsamba la tsikulo lili mbee! Dokotala sanalembemo ngakhale kadontho. Pa siteji madalaivala akundilonjera kuti, "Fyuu fyuu, abwana a mphepo!" Ndikuseka nawo, mlomo nditatseka. Minibasi zonse zikudzaza ndi likhweru la Yohane, munthu woti ndinamuphunzitsa ndine.

Lachitatu
Mboni yanga ndi alamu anga a Binwelo, amene anandiperekeza. Akuti, "Alamu, ine ndinali panja pa chiwaya. Ndinangomva kulira ngati mbuzi." Mbuzi eti! Ine ndinabangula ngati mkango, mpaka malata kunjenjemera. Lobooka lija likuwawa kufika m'khutu.

Lachinayi
Dzino kulibe! Akazi anga, mayi a Chisomo, analiponya padenga tsiku lomwelo, ati khwangwala andibweretsere latsopano, ngati ndine mwana wa sitandade wani. Akazi awa! Ndikukwera, ndikupasula udzu mbali yonse. Zomwe ndikupeza:
chitsononkho
mpira wa mapepala
timano tiwiri ta Chisomo
Masana mvula. Mphasa, bulangete, ufa, zonse zanyowa.

Lachisanu
Ndikupita ndi kadzino kamodzi ka Chisomo ku ofesi kuja, mwina sazindikira. Amayi aja akukayang'ana nthawi yaitali. "Bambo, ili ndi la mwana." Sakuseka. Bola akanaseka. Akuti popanda umboni mlanduwu ndi wovuta. Pobwerera ndikudzera pakakiliniki. Dokotala akuti, "Munaloza nokha, bambo. Lobookalo mubwere nalo, ndikuchotserani mtengo." Ndikanamumeza wamoyo, koma ndi mano ati?

Loweruka
Atcheya a pa siteji akundiitanira pambali. "Achimwene, okwera samva mphepo. Pumulani kaye." Zaka khumi ndi ziwiri pa siteji imeneyi, padzuwa, pamvula! Yohane akundigulira tiyi, maso ali pansi. Ndikumwa, misozi mbwee. Onse akuti, "Pepani, dzinolo eti?" Ndikuvomera kuti ndi dzino.

Lamulungu
Kutchalitchi ndikungoyendetsa milomo. Kunyumba mayi a Chisomo akutchera beseni pomwe pakudontha. Mlandu ndausiya. Mawa ndikazulitsa lobookalo ku chipatala cha mishoni, kenako ndikafuna maganyu a fodya. Fodya safuna likhweru.

Chimodzi ndikonze. Za Lachinayi zija ndinanama, mayi a Chisomo sanaligwire n'komwe. Ndinaliponya ndine, ndekha kuseri kwa nyumba, thonje lidakali m'kamwa. Ndinatinso, "Khwangwala, tenga lakoli, undipatse langa." Mpaka lero m'mawa uliwonse ndimayamba ndapisa lilime pomwe panali dzinopo.