Dzanja la a Saidi

Nkhani iyi kumphakati kwathu sindinaifotokoze, ndipo mukakumana ndi a kwathu ku Mphunzi musaiyambe. Ine amene ndaphunzitsa ana katekisimu zaka zambiri, kuwachenjeza za mafano okhala ndi pakamwa koma osalankhula, ndinakavulira limodzi mwa iwo chipewa pa Dedza boma, dzuwa likuswa mtengo.

A Saidi anali ndi golosale pafupi ndi msika, kanyumba ka malata adzimbiri ndi kakhonde kopendekeka. Iwo Msilamu, ine Mkatolika, koma kachewere woyamba kukumba m'munda mwanga ankadyedwa kwawo. Nawo ankandisungira mbewu ya kabichi, n'kumandiseka kuti, "Achimwene, ine ndimapemphera kasanu patsiku, inu Lamulungu lokha, koma mvula imakagwa kwanu."

Kenaka mkazi wanga, Anaphiri, anadwala. Madzinja awiri njira yanga inali ya kunyumba ndi kuchipatala cha mishoni basi. Atamwalira ndinatuma wakabaza kukanena maliro kwa a Saidi. Anabwera anthu a kutali, ena oti sindiwadziwa n'komwe. Kumanda maso anga anali kunjira. A Saidi sanabwere, ndipo mtima unasunga kanthu.

Malemba amatiphunzitsa kuti m'bale akakulakwira ukamuuze muli awiri. Ndinadzaza kachewere m'kathumba (kukadzudzula mnzako chimanjamanja si ulemu), ulendo wa ku boma.

Boma ndinalipeza litavala nkhope ina. Pamene pankakhala wometa tsitsi pansi pa mtengo anamangapo pothirira mafuta a galimoto. Pamalo pa golosale panali nyumba yosanja ya magalasi okhaokha, maofesi pamwamba, sitolo ya zovala pansi. Chamumtima ndinati: n'chifukwa chake. Munthu walemera, maliro a kumudzi angamudetsere nsapato.

Ndinene pano kuti diso langa lamanzere lili ndi ng'ala, ndipo lamanja limaona anthu ngati mitengo yoyenda.

Nditalowa, pakona ya kumanzere, mbali yomwe a Saidi ankakonda kuima ndi wayilesi yawo, ndinaona munthu wamtali, mkanjo woyera, kachipewa kumutu. Ndinatula thumba, n'kuvula chipewa changa.

"Muli bwanji, achimwene?"

Zii.

Ndinati mwina akumaliza pemphero, ndinadikira pang'ono. Kenaka ndinayamba. "Alamu anu anatisiya. Omwe aja ankakutendererani nkhwani. Ndinatuma munthu kuno." Zii. Ndinafotokoza matenda onse kuyambira pachiyambi, mmene anaondera, nyimbo imene anapempha kuti timuimbire. Misozi inabwera yokha. Ndinaulula ngakhale zimene sindinauze ana anga, zoti m'mawa uliwonse ndimatulutsabe makapu awiri a tiyi. (Kunena zoona, chibadwire sindinapezepo munthu womvetsera bwino chotero.)

Koma kukhala chete kuja kunayamba kundipsetsa mtima. "Ngakhale moni wa padzanja, a Saidi? Nyumba yosanjayi yakudyani mtima?" Ndinagwira dzanja lawo mokakamiza. Linali lozizira ngati mpini wa khasu wogona panja. Ndinaligwedeza. Dzanja linasololoka m'mkanjo, mkono wonse mpaka paphewa, n'kutsala kwa ine.

Ndinaitana dzina la Ambuye, kubwerera chambuyo, kupunthwa pa thumba, n'kukhala pansi phi. Kachewere anabalalika pa matailosi ngati nkhosa zopanda mbusa, wina mpaka kutulukira pakhomo.

Kuseri kwa madilesi kunatuluka mayi wogulitsa, maso ali ofiira. Sindikudziwa ngati anafiira ndi kuseka kapena ndi china.

"Bambo, chidolecho n'cha abwana. Chibwezereni mkono."

"Mayi, bwanji osandiuza?"

"Ndimati ndikuuzeni. Koma mutafika pa makapu paja, mawu anandikanika."

Tinagwada tonse kutola kachewere. Tili mkati, anafunsa motsitsa mawu, "A Saidi mukunenawa ndi aja a golosale? Ndinkagula maswiti kwa iwo ndili mwana."

"Omwewo. Asamukira kuti?"

"Eni malo atagulitsa pano, anawauza kuti achoke. Anakayesa benchi kuseri kwa msika, pamtetete. Kuzizira kwathu kuno mukukudziwa. Kunawalowa m'chifuwa. Anamwalira m'mawa, pofika madzulo anali ataikidwa, monga mwa mwambo wawo."

"Liti?"

"Chaka chatha, nyengo yozizira."

Anaphiri anamwalira dzinja lotsatira. Wakabaza uja ayenera kuti anapeza mulu wa njerwa ndi amisiri achilendo, n'kusiya uthenga kwa aliyense amene anagwedeza mutu.

Ndinaponya kachewere womaliza m'thumba. Ndinabwera kudzachotsa kachitsotso m'diso la m'bale wanga, chipika chili m'langa, pamwamba pa ng'ala. Woyamba kujomba maliro a mnzake ndinali ine. Mwina nawonso abale awo anayang'ana kunjira tsiku lija.

Ndinafunsa za akazi awo. Mayi uja anati anabwerera kwawo, ndipo mudzi wake sakuudziwa. Ndinafunsa m'masitolo oyandikana, onse atsopano, ndipo dzina la a Saidi linali lachilendo kwa iwo. Kachewere ndinasiyira mayi uja.

Phunziro ndinalitola: usaweruze munthu usanadziwe ngati akupuma. Ana a katekisimu ndimawauza zimenezi, osatchula kumene ndinaziphunzira.

Koma lina lija la mafano likundivuta. Ndikapita ku boma ndimadutsabe pasitolo ija. Chidolecho masiku ano anachiveka suti, mkono anaumanga ndi tepi. Mulungu andikhululukire, ndikafika pagalasi paja ndimangopeza chipewa chili m'manja.