Malemu Apulofesa Sitefano Aima Kumbuyo Kwanu

Kusukulu ina ku Furancungo kuli mayi a mu ofesi amene mpaka lero akamva dzina langa amalavula. Mlandu wake ndi uwu.

Kwathu ku Tsangano aphunzitsi a informatika, a Matewu, analemba kapulogalamu koitanira mayina m'kalasi. Amakasunga mu git, pulogalamu yosunga mbiri ya zonse zomwe munthu wasintha, ndipo kali ndi nthambi ziwiri, yathu ndi ya ku Furancungo. Ine anandipatsa kiyi wa chipinda cha kompyuta poti ndine wodalirika (mawu awo amenewo, osati anga).

Tsiku lina ndinaphatikizamo timizere tanga ta malamulo a kompyuta. Ikakwana meyu-diya, 12 koloko masana, kompyuta izitola dzina m'pasita (foda ya m'kompyuta) yotchedwa "nomes", momwe timasunga mayina a ophunzira, n'kulemba mofiira kuti uje wafika, waima kumbuyo kwanu. Anzanga ankacheuka, ine nthiti kuwawa.

Kenaka a Matewu anati zomwe ndinakonza pa tsamba la mayeso ndizisamutsire ku nthambi inayo. Ndinanyamula komiti yonse, mtolo wa zosintha zanga, osasuzumira, timizere tija tili momwemo. Git sinatsokomole n'komwe.

Kumeneko mapasita anawasanja mwawokha. Ophunzira anawaika kwina, ndipo mu "nomes" munangotsala dzina limodzi loyesera, la apulofesa Sitefano, amene anayambitsa nthambiyo. Anaikidwa m'manda chaka chatha.

Masiku atatu, dzuwa lili paliwombo, malemu ankafika pa kompyuta ya mu ofesi ija. Mayi aja anaifunditsa nsalu kompyutayo, nakana kulowa mu ofesimo. Anaitana abusa.

A Matewu anatsegula mbiri ya git, dzina langa lili mbee.

"Nyamuka, wadzutsa akufa. Mayiwo akapanda kuikhudzanso kompyuta ija, kiyi umuiwale."

Tinakwera shapa, kaminibasi kopita ku Furancungo, fumbi mpaka m'mano. Titafika ndinafotokoza za mapasita, ndinafufuta timizere tonse mayi aja akuona, n'kudikira. Meyu-diya inakwana. Kompyuta zii. Komabe tonse, ndi abusa omwe, tinacheuka.

Chitseko chinatseguka pang'onopang'ono. Panalibe munthu (mphepo, ndikuganiza, ngakhale masamba panja sankagwedezeka).

"Mwaona, mwana inu?" anatero mayi aja motsitsa mawu, akuifunditsanso nsalu. "Kale ankayamba kaye aodira."

Kiyi sindinamuonenso. Phunziro akuti n'lakuti pasita ya eni uziyamba waitsegula, ndipo ndavomera. Koma timizere tisanu tokha, kutseka ofesi ya boma lina ine ndili phee ku Tsangano? Ndani m'kalasi mwathu anachitapo zotere?

Kungoti masana sindikhalanso chofulatira chitseko.