Masilaidi a ku Girisi

Lolemba
Masilaidi afika! Msonkhano wa kuntchito utatha ndinawolokera pachilumba cha ku Girisi, n'kujambula zonse m'nyumba yosungiramo zinthu zakale zofukulidwa pansi. Loweruka ndikuitana a kumudzi onse a muno mu Greenbelt, ku Amereka kuno, adzaonere pakhoma. A Chirwa a ku Gaithersburg atitopetsa ndi masilaidi awo a mathithi a Niagara. Nane ndimveke!

Lachiwiri
Mayi a kunyumba akuunika silaidi pawindo. "Bambo awa buluku analisiya kuti?" Ndi mwala, mayi! Chiboliboli! Akuti apongozi, amene abwera kudzalera khanda lathu, sangakhale m'chipinda chimodzi ndi mkamwini pakhoma pali zoterozo. Amuna onse amwala, kunja.

Lachitatu
Akazi amwala nawonso kunja. Ndikuyesa kuveka mmodzi chitenje ndi bolopeni. Tsopano ndiye akuoneka moipa zedi. Mitsuko yojambulidwa? Pali anyamata akugwetsana ali buno bwamuswe. Agiriki inu, nsalu munalibe?

Lachinayi
Pakamwa pangapa! Ndikufotokozera mayi a kunyumba kuti mikanda ndi timiphikato anazifukula m'manda. Apongozi amva ali kukhitchini. Funso likubwera kudzera mwa mwana wawo: "Pochokera kumandako anasamba? Khandali alinyamula kale?" Kumanda kuti? Kuli tikiti, kuli mlonda wa yunifomu! Za m'manda zonse, kunja. Inenso khanda andilanda.

Lachisanu
Zotsala: nyanja, khomo la hotela, ine nditatsinzina, mphaka wogona pamasitepe. Pulojekita ndabwereka kale, anthu ndaitana kale. Ndapsa mtima moti tiyi sakumweka.

Loweruka
Nyumba yadzaza. Ndazimitsa magetsi, ndisanakhosomole n'komwe zithunzi zatha. Mayi wina wa ku Lusaka, ponena za mphaka uja: "Manje Girisi yonse ni pusi chabe?" Kuseka mpaka misozi! A Chirwa akupisa m'thumba la jekete. Niagara abwera naye! Pakhoma langa, magetsi anga, apongozi anga akuomba m'manja.

Lamulungu
Onse apita kutchalitchi. Ndatseka makatani, ndikuonera ndekha zoletsedwa zija ngati wakuba. Bambo wamwala uja ali chilili pakhoma, mphuno alibe, mkono alibe. Basi, mkulu wanga, bwererani m'bokosi. Mwaima chomwechi zaka zikwizikwi anthu n'kumakuvulirani zipewa, manyazi mwadzawapezera ku Greenbelt.